Theche la Nambala Seveni

Mtembo unali chagada pa utuchi, mutu cha kukhoma, phazi limodzi litatulukira pakhomo la chipinda cha hatchi. Nthawi inali 7:05 m'mawa, Lachitatu. Inspekita amene anzake ankamutchula kuti Msomali, poti akalowa mu mlandu sankazuka, anaima pakhomopo atavala zimene anamukakamiza kuvala polowa: ovolosi yachikasu, jombo za mphira ndi kachipewa ka pepala. Zaka 26 ali pa ntchito, anali asanavulidweko zovala zake kuti akaone munthu wakufa.

"Mukuoneka ngati nthochi yakupsa, bwana," anatero Sajeni, mayi wa lilime lakuthwa amene anayenda naye milandu yambiri.

"Jambulani, Sajeni. Tiseka tikaweruka."

Womwalirayo anali dokotala wa ziweto, mayi wa zaka 31. Pamwamba pa khutu lake lakumanzere panali bala lokhota ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo m'kati mwa balalo munali timabowo tinayi totalikirana mofanana. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kanali pafupi ndi dzanja lake. Pakona, hatchi yaikazi yofiirira inali itatsamira khoma, ikuyang'ana anthuwo ndi diso limodzi. Pachitseko panalembedwa nambala 7. Kumapeto kwa khola, m'kati mwa khoma, china chake chinkapuma ngati ketulo imene yangophulidwa pa moto.

Malowa anali famu yofufuzira matenda a mahatchi, ndipo inali ndi makola awiri. La kumtunda linali la mahatchi athanzi, makumi atatu, onse a bere. Limene anaimamo Msomali linali la odwala, ndipo malamulo ake ankaposa a ndende. Polowa umasiya zovala zako. Potuluka umasamba thupi lonse ndi sopo wonunkha mankhwala, n'kutuluka chimanjamanja. Chida chilichonse chofunika kunja chinkayamba chadutsa m'makina owiritsira amene antchito ankangowatchula kuti mphika.

Amene anapeza mtembowo, nthawi ili 6:20, anali wosamalira khola, bambo wa zaka 63 amene aliyense ankangomuitana kuti Bulashi. Anali atakhala pa ndowa panja, akutsokomola. Apolisi awiri amene anayamba kufika 6:45 anachita zinthu ziwiri: anazunguliza chingwe khola lonse la odwala, ndipo anamanga madalawo unyolo. Chachiwirichi palibe anawatuma. Pamalo pofera munthu, unyolo sufunsa njira, umangolunjika pa wa nsapato zong'ambika.

Nthawi ili 7:50, Msomali ndi Sajeni, atasamba ngati ana a sukulu, anakhala mu ofesi ya a Pulofesa, mkulu wa famuyo. Anali bambo wamtali, wa imvi zopesa bwino, maso ofiira. Mu ofesimo munkanunkha sopo wa kukhola uja, koma Msomali anangoti fungolo ndi lake lomwe. Fani inkazungulira, mapepala a padesiki akufuna kuuluka, ndipo a Pulofesa anawatsindira ndi kapu ya tiyi.

"Anali mwana wa mlongo wanga," anatero a Pulofesa, akupukuta misozi ndi mpango. "Mayi ake atamwalira ndinamutenga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndamulera ine, ndamuphunzitsa ine, ntchito ino ndamupatsa ine. Lero afe chonchi chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi!"

"Munthu wake uti?"

"Uja wa m'khola. Lamulo likuti dokotala akamayeza hatchi kumbuyo, wina aigwire kumutu. Iye anali kuti?"

"Tiwafunsa. Pano mumachita chiyani kwenikweni?"

A Pulofesa anawongoka pampando. Funso limeneli linawaumitsa misozi msanga kuposa mpango.

"Pali kachilombo kotchedwa hepisi. Kakalowa mwa hatchi sikatulukanso, kamabisala moyo wake wonse. Tsiku lina kamadzuka. Hatchi imatentha thupi, ya bere imapoloza, ina imafa miyendo yakumbuyo. Njira yokachotsera sitinaipeze. Ndiye ife tinapanga mankhwala otseka pakamwa majini ake."

"Majini?" Sajeni anakweza nsidze. "Omwe aja ogwetsa anthu pa mapemphero?"

"Ayi, mayi. Timalangizo tolembedwa m'kati mwa kachilombo, touza thupi la hatchi kuti lipange tizilombo tina. Mankhwala athu amagwira uthengawo panjira n'kuuduladula usanafike. Kachilombo kamakhalapobe, koma kamalankhula popanda wokamva. Zaka khumi ndi zinayi ndili pa ntchito imeneyi. Nambala Seveni ndi hatchi yoyamba kukhala miyezi isanu ndi itatu kachilombo kali chete. Lachisanu kukubwera akuluakulu ovomereza mankhwala kudzaona."

"Munalowa liti komaliza m'khola la odwala?" anafunsa Msomali.

"Lolemba. Ine malo anga ndi mu labotale. Magazi amandipeza komweko, m'timabotolo."

"Nanga m'mawa uno munali kuti?"

"Kunyumba, kuseri kwa ofesi ino. Ndimakhala ndekha." Anapukuta magalasi. "Zinthu ziwiri, Inspekita. Chingwe chanu chija chichoke, ntchito yaima. Ndipo hatchi ija iphedwe lero 4 koloko, itenthedwe. Ndaitana kale dokotala wina wodzaibaya."

"Hatchi imene alendo akudzaona mkuja?"

"Yapha mwana wanga! Mukufuna ndiziiona tsiku ndi tsiku? Zotsatira zake zili pa pepala."

Ali m'galimoto, 9:10, foni ya Msomali inalira. Anali bwana wamkulu wa polisi.

"Mlandu wophweka uwo, Msomali. Hatchi yamenya theche, wantchito ananyozera udindo. Mutsegulireni mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala. Pofika 4 koloko akhale ali pa rimandi. A Pulofesa si munthu woti tiziwavutitsa ali pa maliro."

Msomali anayankha kuti wamva, n'kuponya foniyo pampando. Rimandi ankaidziwa. Munthu amadikira mlandu zaka ziwiri, akugona chokhala, mutu pa msana wa mnzake. Madala a chifuwa ngati chija salowa m'menemo n'kudzatuluka ndi miyendo yawo.

Chipinda chofunsira mafunso chinali ndi tebulo limodzi, mipando itatu ndi zenera lokwana mphaka. Nthawi inali 9:30.

"Madala, 5:30 m'mawa uno munali kuti?"

"Kumunsi kwa famu, bwana, kukonza waya wa mpanda."

"Anakutumani ndani?"

"A Pulofesa, dzulo poweruka. Anati ndiyambe kumeneko mpaka 8 koloko, dokotala andidikira. Koma mtima sunandikhale, ndinasiya waya pakati n'kubwerera."

"A Pulofesa akuti sanalankhule nanu sabata yonse ino."

Bulashi anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano.

"Ndiye kuti ndanama, bwana. Mawu anga ndi awo angalemere mofanana?"

"Hatchi ija ndi yaukali?"

"Dona? Dona ngakhale ntchentche akaiopseza ndi mchira amaipepesa."

"Dona ndani?"

"Iwo amati Nambala Seveni."

"Koma wamenya munthu theche. Ndipo mwati mtima sunakukhaleni. Chifukwa chiyani?"

Bulashi anayang'ana manja ake, zala zokhota ndi ntchito.

"Lankhulani, bambo anga," anatero Sajeni. "Kukhala chete kuno si ulemu, ndi tikiti ya kundende."

"Anatidinditsa chala pa pepala, mayi. Wolankhula za thanzi la mahatchi kwa munthu wakunja, ntchito yatha, nyumba atuluke tsiku lomwelo. M'nyumba ya pa famu muja muli mwana wanga wamkazi ndi zidzukulu zitatu. Bola ndikagone pa simenti ine, iwo ali pansi pa denga."

Msomali anamenya tebulo ndi chikhatho, osati chifukwa cha madalawo. Famu ija inali yodziwadi kutseka pakamwa, ndipo inayamba ndi anthu isanafike kwa tizilombo.

Mlonda wa pageti ndiye anapereka njira ina. Anati 5:15 womwalirayo anabwera pa njinga yamoto ya mwamuna wake, ndipo awiriwo anakalipirana mpaka agalu kuuwa. Mwamunayo anali dalaivala wa basi. Anamupeza 11 koloko atakhala pakhonde la nyumba yachisoni, akadali mu yunifomu, pakhosi pali mikwingwirima itatu ya zikhadabo.

"Uyu ndi wathu, bwana," Sajeni ananong'ona. "Onani khosi."

Koma sanali wawo. Basi yake inanyamuka pa depoti 5:40, mtunda wa makilomita khumi ndi awiri kuchokera pa famu, ndipo kondakitala ndi anthu makumi asanu anakhala akuona nkhongo yake mpaka pamene uthenga unamupeza. Mlonda yemweyo anavomera kuti mwamunayo sanalowe pageti.

"Munkakangana za chiyani, achimwene?" anafunsa Msomali.

"Za pepala, bwana. Malume ake amafuna asaine pepala lina lake, iye amakana. Masiku anayi osadya bwino. Ine ndinati, 'Make mwana, saina. Munthu ameneyu ndi amene anakulera. Ukufuna tizidya chilungamo m'nyumba muno?' Iye anati, 'Lachisanu ndikanena pamaso pa alendo.' Ndinamugwira mkono, iye n'kundikanda." Dalaivalayo anaphimba nkhope ndi chipewa. "Mawu anga omaliza kwa iye anali oti ndiwe wosayamika."

"Amafuna akanene chiyani?"

"Sindinafunse. Nkhani za mahatchi zinkanditopetsa."

M'kati mwa nyumba yachisoniyo, 12:30, dokotala wopima mitembo anali akuvula magolovesi. Anali mnzake wakale wa Msomali, munthu woseka pamene ena akulira.

"Chitsulo chokhota," anatero. "Nsapato ya hatchi, ndipo timabowo tinayito ndi mitu ya misomali. Abale anu, Msomali."

"Ndiye ndi theche?"

"Ine ndimanena chimene chagunda, amene waponya ndi ntchito yanu. Koma ndikanakhala inu ndikanafunsa chifukwa chake bala likulowa kuchokera pamwamba. Hatchi yanuyo imauluka?"

Atabwerera ku polisi, 1:15, anapeza mayi wina ataima pageti, khanda kumsana, ana awiri atagwira chitenje chake uku ndi uku. Anali mwana wa Bulashi. M'manja mwake munali kalata yochokera ku ofesi ya famu: bambo ake achotsedwa ntchito, nyumba ikhale itatsala yokha pofika mawa m'mawa. Mtembo unali usanazizire bwino, koma kalata inali ndi chidindo kale.

Msomali anailanda kalatayo, n'kukaiyala patebulo pamaso pa Bulashi. Sajeni anaiwerenga mokweza, pang'onopang'ono.

"Denga limene mumalisungira chinsinsi ndi limenelo," anatero Msomali. "Mwatseka pakamwa theka la tsiku, malipiro ake ndi awa. Tsopano tamverani. Dokotala wa mitembo akuti mayi uja waphedwa ndi nsapato ya hatchi, ya misomali."

Bulashi anadzutsa mutu.

"Nsapato?"

"Eya."

"Dona alibe nsapato, bwana. M'khola la odwala mulibe hatchi ya nsapato ndi imodzi yomwe. Timazula zonse tsiku lolowa, chifukwa matendawa akagwira miyendo hatchi imagwa, imaphupha, n'kudzicheka yokha ndi zitsulozo. Aliyense amene anakwezapo phazi la hatchi pa famu paja akudziwa zimenezi."

"Ndani sanakwezepo?"

Madalawo anayang'ana kudenga. Kenako mawu anayamba kutuluka ngati madzi a paipi yophulika.

"Ndipo ngakhale akanavala nsapato zinayi, theche akanalitenga kuti? Kuyambira Loweruka Dona akukoka miyendo yakumbuyo. Mkodzo ukungodontha wokha. Matenda abwerera, bwana. Dokotala anaona, ine ndinaona. Anatenga magazi n'kupita nawo kwa malume ake, pobwera maso ali otupa. M'mawa uno ndinasiya waya chifukwa ndimaopa kuti Dona wagwa."

Malamulo ankati womangidwa sachoka m'chitokosi popanda chilolezo cha bwana wamkulu. Msomali anasaina yekha, n'kukweza madalawo m'galimoto ndi unyolo wawo womwewo.

Nthawi ili 2:10 anali atavalanso zachikasu. Msomali anamasula unyolo kuti Bulashi agwire ntchito. Madalawo analankhula ndi hatchiyo chapansipansi, ngati munthu wodzutsa mkazi wake wodwala, n'kukweza mapazi ake limodzilimodzi. Ziboda zonse zinayi zinali zosalala, zopanda chitsulo, zopanda ngakhale bowo la msomali. Sajeni anajambula chilichonse.

"Tsopano gwirani chingwe kumutu, bwana, muyende naye pang'ono. Umu ndi m'mene dokotala ankayezera."

Msomali anayenda. Bulashi anagwira mchira n'kuukokera kumbali, osati mwamphamvu. Chiuno chonse cha hatchiyo chinapendama, miyendo inapingasana, ndipo ikanagwa madalawo akanapanda kuichirikiza ndi phewa.

"Ndi wakupha wanu ameneyu," anatero Bulashi, akuisisita pakhosi. "Sangathe kukankha ngakhale chitseko."

Anafufuza khola lonse. Anatakasa utuchi, anatsanula ndowa, anasuzumira m'ngalande. Nsapato panalibe.

"Anatuluka nayo, waiponya kuthengo," anatero Sajeni. "Tiifuna mpaka kupuma ntchito."

"Kutuluka ndi chitsulo cha muno m'manja? A Pulofesawo?" Bulashi anapukusa mutu. "Anandiimitsapo ntchito sabata ziwiri chifukwa ndinatuluka ndi kabokosi ka machesi. Njira yonse yochoka kuno imadutsa m'mbali mwa khola la a bere. Iwo akhoza kuiwala tsiku lobadwa, osati lamulo limenelo."

Msomali anaima chilili. Anakumbukira kupuma kuja, kwa ketulo yophulidwa, kumene anakumva m'mawa ali pa mtembo.

"Mphika wanu uja amayatsa nthawi yanji?"

"Madzulo, tikaweruka."

"Nanga m'mawa uno unkapumira chiyani?"

Mphikawo unali wachitsulo, womangidwa m'khoma, wa zitseko ziwiri: china cha m'khola choikira zida, china cha kunja chotulutsira. Bulashi anafotokoza kuti ukauyatsa umadzitseka wokha kwa ola ndi theka, ngakhale utaugwadira sutseguka. Chitseko chakunja chinali m'kachipinda ka kumbuyo, m'kati mwa chingwe cha apolisi. Pambali pake panalendewera kapepala kamene makinawo amasindikiza okha. Kanalembedwa kuti 5:52, ndiponso nambala ya woyatsa, 001.

"Nambala yanga ndi 014," anatero Bulashi. "Ya dokotala inali 006."

Sajeni anatsegula chitsekocho. M'katimo munali kathumba kamodzi, komangidwa mwaluso, ndipo pa tepi yake panalembedwa deti la tsikulo ndi zilembo zoongoka bwino. M'kathumbamo munali nsapato yakale ya hatchi, yokhomedwa pa kathabwa kolemera, mitu ya misomali ili pamtunda. Inali yoyera ngati supuni ya ku hotela.

"Mayo ine," anatero Sajeni. "Mpaka deti walemba."

Nthawi ili 3:35 anagogoda pa ofesi. Pakhonde panali patakhala dokotala uja woitanidwa kudzabaya hatchi, chikwama pamiyendo, akuyang'ana wotchi. Bulashi anali atamangidwanso unyolo, poti pa pepala anali akadali wolakwa. Msomali anamulowetsa mu ofesimo n'kumuimika pafupi ndi chitseko.

"Uyu akufuna chiyani muno?" anafunsa a Pulofesa. "Ndipo chingwe chija mwachotsa?"

"Mukuchifunira chiyani chingwe, a Pulofesa? Mwafunsa m'mawa, mwaimbira bwana wanga kawiri. Mwaiwala chiyani kumeneko?"

"Ntchito yaima, ndanena kale."

Msomali anayenda mpaka kukhoma kumene kunapachikidwa chithunzi cha a Pulofesa atakhala padesiki yomweyo, akumwetulira, mwana wa mlongo wawo uja ataima kumbuyo atavala mkanjo womaliza maphunziro. Pa mapepala a m'chithunzicho panali patatsindira nsapato ya hatchi yokhomedwa pa kathabwa.

"Chotsindira mapepala ichi chili kuti? Ndaona lero mukuvutitsa kapu ya tiyi."

"Chinasowa kalekale."

Msomali anatulutsa kathumba kaja n'kukaika padesiki, kenako kapepala ka makina pambali pake.

"Tachipeza. Mu mphika, 5:52, nambala 001, zilembo zanu. Dokotala wa mitembo akachiika pa bala la mwana wanu chikalowa ngati kiyi. Munati simunalowe m'khola muja chichokere Lolemba, koma m'mawa uno munkanunkha sopo wa kumeneko. Munatuma madalawa ku waya mpaka 8 koloko kuti mphika ukamaliza 7:22 mudzatenge katundu wanu n'kumubwezera padesiki. Koma madalawa anabwerera msanga, ndipo chingwe chathu chinakutsekerani kunja."

"Hatchi ndi imene..."

"Hatchi ilibe nsapato."

A Pulofesa anaphethira.

"Mahatchi onse amavala nsapato."

"A m'khola lanu la odwala savala. Zaka khumi ndi zinayi mukuwerenga majini a kachilombo, koma phazi la hatchi simunalikwezepo. Mukanafunsa amene amasesa, akanakuuzani ulere."

Fani inazungulira kangapo. Pepala limodzi linathawa pansi pa kapu n'kugwera pa jombo ya Sajeni. A Pulofesa anavula magalasi, ndipo atayamba kulankhula, mawu awo sanali a munthu wolapa. Anali a mphunzitsi wotopa ndi ana osamva.

"Hatchi imodzi, Inspekita. Imodzi yokha. Mwina mlingo unachepa, mwina inafunika kubayidwa kachiwiri. Ndikanakonza, ndikanangopatsidwa chaka. Koma alendo a Lachisanu akanangomva kuti kachilombo kadzuka, akanatseka zonse. Ndili ndi zaka 66, ndiyambirenso pati? Mankhwalawa akanapulumutsa mahatchi zikwizikwi."

"Ndiye munafuna asaine kuti Nambala Seveni ili bwino."

"Ndinamupempha. Dzulo ndinamugwadira mu ofesi muno, ine malume ake, ine amene ndinamugulira cholembera choyamba. Mukudziwa chimene anandiyankha? Anati, 'Malume, munandiphunzitsa nokha kuti chimene magazi anena sitisintha.' Kundiphunzitsa ine ndi mawu anga omwe!" Anavalanso magalasi. "M'mawa ndinamutsatira. Ndinati ndiyesenso kamodzi. Anali atawerama, akuyeza hatchi, ndipo sanatembenuke n'komwe. Anangoti, 'Malume, yankho ndi lomwe lija.'"

"Munapita kukayesanso kamodzi ndi chitsulo m'manja," anatero Sajeni.

A Pulofesa anayang'ana nsapato ija.

"Inali ya hatchi yanga yoyamba kufa ndi matendawa. Ndi imene inandiyambitsa ntchito yonseyi."

"Theche linkakuthetserani zonse ziwiri," anatero Msomali. "Mwana atseke pakamwa, hatchi yodwala ipse 4 koloko, alendo apeze pepala loyera ndi bambo wolira. Koma ndiuzeni chimodzi, chifukwa chandisowetsa mtendere. Bwanji simunangoibisa m'khwapa n'kukaiponya kuthengo?"

A Pulofesa anamuyang'ana modabwa kwenikweni, ngati wafunsidwa zamisala.

"Inali itagwa pa utuchi wa m'khola la odwala. Njira imadutsa pa mahatchi makumi atatu a bere. Mumafuna ndiwapatsire?"

Sajeni analemba mawu amenewo m'buku mwake, n'kuwadula mzere kunsi kawiri. Munthu anaswa mutu wa mwana wa mlongo wake, anasamba ndi sopo mpaka kuseri kwa makutu, n'kuopa kupatsira hatchi chimfine.

"Nanga madala awa?" Msomali analoza kuchitseko. "Akanafera pa rimandi."

"Ameneyo akanangokhalako miyezi ingapo. Anthu otere amazolowera."

"Dzina lawo ndani?"

"Mwati?"

"Akusesera khola lanu chiyambire famu ino. Kalata yowathamangitsa mwasaina lero lomwe. Dzina lawo ndani?"

A Pulofesa anayang'ana Bulashi, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zong'ambika zija. Dzinalo sankalidziwa.

Msomali anatulutsa kiyi. Anamasula unyolo m'manja mwa Bulashi, n'kuzungulira desiki. Chitsulocho chinali chikadali chofunda pamene chinatseka pa mikono ya a Pulofesa.

Bulashi sanathokoze, ndipo Msomali sanayembekezere. Palibe amene akanapita kukapepesa kwa madalawo. Famu ikatsekedwa, nyumba ija idzapita ndithu, kaya ndi kalata kaya popanda kalata. Iwo anangosisita mikono yawo, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 3:56.

"Uja ali pakhondeyo, wa jakisoni, mumuuza ndinu kapena ine?" anafunsa.

"Ndimuuza ine. Hatchi ija ndi mboni ya boma tsopano."

"Ndiye ndikamumwetse madzi Dona. Chidzukire sanamwe."

Anatuluka akutsokomola, kulunjika kukhola la odwala, kumene anayenera kuyamba wavula zovala zake monga mwa lamulo. Foni ya Msomali inalira. Anali bwana wamkulu.

"Yakwana 4 koloko, Msomali. Mlandu watsekedwa?"

"Watsekedwa, bwana," anatero Msomali, akukankhira a Pulofesa kukhomo. "Konzani malo pa rimandi. Ndipo muuze anyamata anu asawavute ndi bulangete, akuti anthu amazolowera."